Kope Lachitatu la a Mbewe

Chisomo ndi Tadala, ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake a Tembo, munthu amene kale sankatha mphindi zisanu osanyoza makompyuta okhala ndi chizindikiro cha chipatso, amasunga imodzi pabalaza pawo, yomwe sayiyatsa n'komwe. Funsoli ndakhala ndikulizemba. Tsopano poti ndinapuma pa ntchito ndipo m'mawa ndilibe basi yothamangira, ndati ndilembe. Koma ndiyambira kutali pang'ono, chifukwa chimene ndinachita kuno ku Perth ndinachiphunzira ku Dowa.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ku Dowa

Ntchito yanga yoyamba inali yotaipa makalata pa ofesi ina ya boma. Ndinafika nditavala buluku la achimwene anga, nditalipinda kawiri m'miyendo, satifiketi ili m'pepala la pulasitiki. Sukulu yonse ndinaphunzira kumudzi, ndipo ndinali wamanyazi moti munthu akandifunsa dzina ndinkayankha ndikuyang'ana nsapato zake. Chimene ndinkafuna nthawi imeneyo chinali chimodzi basi, chakuti pasapezeke munthu wondikwiyira. Mkulu wa otaipa anali Mayi Phiri, mayi wamfupi wa magalasi okhuthala, amene ankadziwa ndi khutu lokha kuti wina walakwitsa chilembo. Tsiku loyamba anandikhazika pa taipi yakale n'kundiuza kuti: "Nkhoma, mvetsera. Kalata iliyonse izikhala ndi makope atatu. Loyamba lipite kwa mwini wake, lachiwiri lilowe m'fayilo, lachitatu ndi lako. Ulisunge m'dirowa ndipo usauze munthu. Mabwana amaiwala, mafayilo amayenda, koma pepala silisintha mawu."

Mapepala a kaboni ankasowa kwambiri zaka zimenezo. Tikalandira paketi, Mayi Phiri ankaitsekera m'kabati n'kumatigawira limodzilimodzi ngati mankhwala. Tinkaligwiritsa ntchito mpaka kumaoneka kuseri, ndipo kope lachitatu linkatuluka lotuwa, loti uwerenge utayandikira pazenera. Komabe ndinkalisunga, pamodzi ndi kapepala kamene bwana walembapo ndi dzanja. Patatha chaka, bwana wathu anaitanitsa aphunzitsi kumsonkhano, ndipo anthu anabwera Lolemba pamene iye ankawayembekezera Lachisanu. Ena anali atapalasa njinga kuchokera kutali. Bwanayo anati wotaipa ndiye walakwitsa tsiku. Fayilo inafunidwa koma sinapezeke. Ine ndinatsala pang'ono kuvomera mlandu wosakhala wanga kuti nkhani ingotha. Mayi Phiri anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kuloza dirowa ndi chibwano. Ndinatulutsa kope langa lotuwa lija ndi kapepala ka bwana. Panali Lolemba, m'zilembo zake zomwe. Sanapepese, koma ntchito sinandithere. Kuyambira tsiku limenelo dzanja langa silinkatha kutaya kope lomaliza la chinthu chilichonse.

Zaka za m'ma 1990, ku Lilongwe

Atandisamutsira ku Lilongwe ndi kumene ndinaona kompyuta koyamba. Inali m'chipinda chakechake chokhala ndi kiyi, itafunditsidwa nsalu ngati mwana wakhanda. Otaipa anzanga ankaiopa. Inenso ndinkaiopa, koma bwana atafunsa kuti ndani aphunzire, maso ake anagwera pa ine ndipo ndinalephera kukana. Ikawonongeka, wokonza ankachokera ku Blantyre, ndipo tinkamudikira milungu. Akafika ine ndinkamugwirira tochi ndi kumusungira timisomali, ndikuona zonse zimene akuchita. Tsiku lina atachedwa mwezi wathunthu, ndinatseka chitseko, ndinapemphera, n'kuitsegula ndekha. M'kati munali fumbi ndi nyerere basi. Umo ndi mmene ndinasanduka wokonza makompyuta, popanda pepala lililonse lotsimikizira. Magetsi ankazima pafupipafupi, choncho kalata iliyonse ndinkaisunga pa madiski atatu. Nthawi imeneyo kunalibe zosankha mtundu. Kompyuta inali kompyuta, monga khasu lili khasu. Sindinkadziwa kuti kwina kuli anthu akuluakulu amene amakangana pa makina ngati otsatira matimu a mpira.

Pakati pa zaka za m'ma 2000, ku Balga

Mayi anu atapeza ntchito ya unesi pachipatala cha ku Murdoch, tinabwera tonse n'kuchita lendi nyumba ku Balga. Iwo ankakwera basi kenako sitima, ine n'kumakuperekezani kusukulu. Ndinali nditayandikira zaka makumi asanu, ndipo kuno palibe amene ankafuna kumva za madiski a ku Lilongwe. Ndinakolopa maofesi chaka chathunthu. Tsiku lina ndinatola kompyuta yotayidwa m'mbali mwa msewu, ndipo ndinapita nayo pa kashopu kena kokonzera makompyuta kuti ndikagule kachipangizo kamene kanapsa. Mwini shopuyo, a Tran, munthu wochokera ku Vietnam wosalankhulalankhula, anandilola kuitsegulira pa kauntala. Ndinayala kampango kanga n'kundandalika timisomali motsatana ndi mmene ndawamasulira. A Tran anayang'ana kampangoko nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati ndingabwere mawa lake.

Tsiku loyamba anandipatsa lamulo lawo, m'Chingerezi chawo chachifupichifupi. "Za kasitomala zimapita ndi kasitomala. Usawerenge, usakopere, usasunge. Makina obwereketsa akabwerera, fufuta zonse. Ukadzasunga ngakhale chithunzi chimodzi, ine ndikhoza kutsekeredwa shopu." Anali mawu otsutsana ndendende ndi a Mayi Phiri. Ndinavomera, ndipo ndinasunga lamulolo zaka pafupifupi khumi, ngakhale kuti nthawi iliyonse ndikamafufuta zinthu za munthu ndinkamva ngati ndikutentha makalata ake.

M'shopumo ndi mmene ndinadziwira kuti makompyuta a m'nyumba ali m'magulu awiri. Ena ali ndi chizindikiro cha chipatso kumsana, ndi osalala, okwera mtengo ndiponso ovuta kumasula. Ena ndi a mawindo, opangidwa ndi makampani ambiri, oti munthu akhoza kutsegula n'kusintha zam'kati. Eni ake sankangogula makina, ankalowa chipani. Ndipo pagulu lathu la Amalawi ndi a ku Zambia, limene linkakumana Lamlungu loyamba la mwezi kupemphera ndi kuwotcha nyama kupaki, chipani chilichonse chinali ndi mtsogoleri wake. A Mbewe, a ku Dedza, ankagwira ntchito yoyeza magazi kuchipatala. Anali munthu waukhondo, wa malaya oyera ositidwa bwino, ndipo anali a chipatso. A Tembo, a ku Zambia, ankachita kafukufuku wa nthaka pa yunivesite ku Bentley. Makina awo ankalumikiza okha, mawaya ali mbwee, ndipo anali a mawindo.

Nyama isanapse n'komwe, a Tembo ankayamba. Kwawo munthu wamkulu amamuti ba. "Ba Mbewe, chija chigalasi chanu chikali kusebenza? Ine nimaona monga ni thireyi yoperekera tiyi."

"Chikugwira, achimwene. Zaka zisanu ndi chimodzi, sichinadwalepo. Nanga chanu chija cholira ngati chigayo, lero mwachizimitsa n'kuchiyatsanso kangati?"

"Changa nikafuna nimachitsegula, nimaona mtima wake. Imwe chanu mufunika kupempha chilolezo kwa eni ake."

"Wa galimoto yabwino sakhalira kusuzumira mu injini, a Tembo."

Kenako onse awiri ankatembenukira kwa ine. "A Nkhoma, dokotala wa zimenezi ndinu. Gamulani." Ine ndinkakumbukira mwadzidzidzi kuti nyama ikupserera. Ndikakhala ndi a Mbewe okha ndinkati zoonadi, a chipatso savutavuta. Ndikakhala ndi a Tembo okha ndinkati zoonadi, a mawindo amakonzeka msanga. Zonse zinali zoona, koma sindinkazinena pamodzi. Mayi anu ankandiseka m'galimoto kuti, "Bambo a Chisomo, tsiku lina mudzang'ambika pakati ngati buluku lothina." Inunso kumpando wakumbuyo munali mutagawana kale, Chisomo kwa a Mbewe, Tadala kwa a Tembo, mukukangana m'Chingerezi chanu chothamanga chija. Lamlungu lina nyimbo zimene a Mbewe anakonza pa makina awo zinatuluka zosokonekera mizere pa makina a a Tembo, ndipo tinaimba za pamtima. Aliyense analoza makina a mnzake, ndipo nkhaniyo inatha miyezi itatu.

Musaganize kuti ankadana. Mwana wa a Mbewe, Yamikani, atadwala n'kumwalira ali kusekondale, a Tembo ndi amene anayendetsa zonse, ndipo ananyamula bokosi kutsogolo. Mtsikanayo anaikidwa konkuno ku Perth. A Mbewe anakhala chete miyezi ingapo, Loweruka lililonse akupita kumanda. Tsiku limene anafunsanso a Tembo za chigayo chawo, tonse tinapumira m'mwamba, chifukwa tinadziwa kuti munthu wayamba kubwerera.

Chaka chimene Tadala anamaliza sekondale

Tsiku lina masana a Mbewe analowa m'shopu kudzera khomo lakumbuyo, atanyamula chikwama chogulira zinthu. Anali ataonda, kolala ya malaya ikuwakhwepa m'khosi. M'chikwamamo munali laputopu yawo itakulungidwa m'thaulo. Anali atatayirapo tiyi. Manja awo anali atayamba kunjenjemera, ndipo kapu inawapulumuka. "A Nkhoma," anatero motsitsa mawu, "Tembo asamve. Ndikukupemphani ngati m'bale wanga." Ndinalonjeza. Zipangizo zinali zoitanitsa, za milungu iwiri, ndipo iwo anati ali ndi ntchito ina yosati n'kudikira. Makina obwereketsa amene analipo anali amodzi okha, laputopu yakuda yakale ya mawindo. Anaiyang'ana ngati mwana woyang'ana mankhwala owawa, kenako anaikulunga m'thaulo lomwe lija n'kutulukira kumbuyo komweko.

Atabwera kudzatenga yawo, anandionetsa fayilo imodzi m'makina obwereka aja. Inali vidiyo, ndipo dzina lake linali lakuti "Mawu anga kwa abale". Anati: "Iyi muisamutsire mu yanga. Mukatero mufufute zonse, ngakhale fungo langa lisatsale m'menemo." Tinaseka. Ndinaisamutsa iwo akuona, ndipo anapita. Nditatsala ndekha, ndinakhala ndikuyang'ana dzina la fayiloyo. Pa zaka zonsezo ndinali nditafufuta zinthu zambirimbiri za azungu, za Amwenye, za anthu a mitundu yonse, koma dzina lachichewa ndinali ndisanalifufutepo. Ndinaganiza za kolala ija. Ndinaganiza kuti ndikadina apa, mawu amenewa atsala pamalo amodzi okha, m'manja mwa munthu amene kapu ikumupulumuka. Vidiyoyo sindinaitsegule. Ndinatulutsa fulashi yanga m'thumba, ndinakopera, kenako ndinafufuta zonse monga mwa lamulo. Kunyumba ndinaika fulashiyo m'chitini cha mabisiketi momwe timasungamo masatifiketi. Miyezi yotsatira ndinkalephera kuyang'ana a Tran m'maso. Kangapo konse ndinaitulutsa kuti ndikaitaye, koma ndinkaibwezeramo.

Nyengo yozizira ya chaka chotsatira

A Mbewe anamwalira kuchipatala kumayambiriro kwa sabata, kukugwa mvula yamawawa ya kuno. Tinasonkhana kunyumba kwawo, ndipo tsiku lomwelo mawu anabwera kuchokera ku Dedza. Achemwali awo aakulu, amene anatsala mutu wa banjalo, anati mtembo upite kumudzi, m'bale wawo akagone pafupi ndi amayi ake. Akazi awo, anaBanda, anayankha mwaulemu kuti malemuwo anawauza kuti akufuna kugona pafupi ndi Yamikani, ndipo anati anasiya mawu m'kompyuta. Ku Dedza anati: "Alamu, mawu a pakamwa panu ife sitinawamve. Munatenga munthu wathu wamoyo, tsopano mukufuna kutimana ndi mtembo womwe?" Anapereka nthawi mpaka Loweruka. AnaBanda anatiuza kuti ndi azilamu awo sangalimbane, ndipo ngati mawuwo sapezeka, alola. Ankalankhula akuyang'ana chithunzi cha Yamikani pakhoma.

Laputopu ija inali yokhoma, ndipo pasiwedi sankaidziwa munthu. Amene anakhala nayo pansi masiku atatu anali a Tembo. Anayesa mayina a ana, dzina la mudzi, mavesi amene malemu ankawakonda. Akalakwitsa, makinawo ankawadikiritsa nthawi yotalikirapo. Sanawanyoze ngakhale kamodzi. Kenako anabwera nayo kwa ine, ndipo ndinawauza zoona, kuti kuitsegula mokakamiza n'kufufuta zam'kati, ndipo kudzera kwa eni kampani ndi mapepala a imfa kungatenge milungu. Zimenezo ndinanena. Za chitini cha mabisiketi sindinanene.

Lachinayi m'mawa, mayi anu akuvala yunifolomu, ndinawaululira zonse. Anasiya kumanga nsapato. "Ndiye mukudikira chiyani?" Ndinawawerengera mantha anga. Ndinalonjeza malemu kuti a Tembo sadzamva, ndipo anandiuza kuti ndifufute. A Tran akhoza kundichotsa ntchito, pa msinkhu woti sindingapezenso ina. Amalawi onse a m'tauni muno ankabweretsa makina awo kwa ine, ndipo tsopano adzati Nkhoma amasunga zinsinsi za anthu. Komanso sindinkadziwa zimene zili m'vidiyomo. Mwina akunena Dedza, mwina akunena zina zoti zingachititse manyazi namfedwa. Mayi anu anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati: "Bambo a Chisomo, moyo wanu wonse mwakhala mukuyesetsa kuti pasapezeke wokukwiyirani. Ulendo uno sizitheka. Sankhani amene akukwiyireni, koma asakhale mayi uja." Anatenga chikwama n'kuthamangira basi.

Lachisanu ndinayamba ndi a Tran, chifukwa makina anali awo ndipo lamulo linali lawo. Ndinaika fulashi pa kauntala n'kufotokoza, ndikuyang'ana nsapato zawo ngati ku Dowa.

"Zilipo zingati zoterezi?" anafunsa.

"Imodzi yomweyi."

"Unaionera?"

"Ayi."

Anaikankhira kwa ine ndi chala. "Ipititse kwa mkazi wake. Si yako, si yanga. Lolemba ubwere, tidzakambirane." Sananene ngati ndikubwera kudzagwira ntchito kapena kudzatenga katundu wanga.

Loweruka masana ndinapempha anaBanda kuti tilankhule kukhitchini, ndipo ndinaitana a Tembo ngati mkulu woti amve nawo. Ndinanena zonse: tiyi, thaulo, makina obwereka, lonjezo, ndi kusamvera kwanga. AnaBanda anagwira fulashiyo m'manja onse awiri.

"Inu simunaione, a Nkhoma?"

"Sindinaione, mayi."

"Ndiye tonse sitikudziwa. Imbani ku Dedza, timvere limodzi. Ndikayamba kuonera ndekha adzati ndasintha. Akanena Dedza, apita ku Dedza."

A Tembo anatenga laputopu yawo m'galimoto n'kuiika patebulo la pabalaza. Anthu anadzaza mpaka m'khonde. Kuno inali nthawi ya masana, ku Dedza kunali m'mawa, ndipo achemwali aja anaoneka pafoni atakhala pamkeka ndi abale ena. Ine ndinagwira foniyo moyang'anitsa ku sikirini. A Tembo anadina.

Nkhope ya a Mbewe inadzaza sikirini yonse, atayandikira kwambiri, atatsinzina diso limodzi. "Kaya chikujambula chimenechi," anatero. "Makina a Tembo awa, batani lililonse lili pamalo olakwika." Wina anaseka osafuna, kenako nyumba yonse inaseka ikulira. A Mbewe anabwerera m'mbuyo, anakonza kolala, n'kuyamba. "Achemwali, ndine ndemwe. Ndili ndekha m'chipinda muno, palibe wondikakamiza. Madokotala andiuza, ndipo inenso ntchito yanga ndi ya magazi, ndikudziwa. Kumudzi kuli amayi, kuli agogo, kuli amalume, anthu ndi ambiri, sasungulumwa. Kuno Yamikani ali yekha pakati pa alendo. Ndiloleni ndikhale naye. Jekete langa lakuda ndi chipewa akutumizireni, mukaike pafupi ndi amayi. AnaBanda musawavutitse, andisamala." Anatchula ana a achemwaliwo mmodzimmodzi, aliyense ndi mawu ake. Atamaliza anayamba kufufuza pa kiyibodi. "Nanga chimazimitsidwa pati?"

"Pakona, ba Mbewe," anatero a Tembo chapansipansi. "Pakona apo." Ndipo anaphimba nkhope ndi chipewa.

Ndinaona achemwali aja akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Kenako anati: "Ndi yemweyo. Ndi mawu ake, ndi mwano wake womwe. Alamu, muikeni pafupi ndi mwana. Jeketelo mutitumizire." AnaBanda anagwada pansi pomwepo n'kuwomba m'manja moyang'ana foni. Mayi anu anabwera kudzandilandira foniyo. Ndinatuluka panja n'kukhala pa sitepe.

A Tembo ananditsatira n'kukhala pambali panga. Tinayang'ana mvula. "Ndiye anabwereka yathu," anatero. Ndinati: "Anatayira tiyi pa yawo. Sinafe yokha." Anagwedeza mutu. "Nidziwa. Ija siingafe yokha." Aka kanali koyamba kuwamva akuiyamikira, ndipo mwini wake sanamve.

Lolemba a Tran sanandichotse. Anandiuza kuti zinatha bwino mwamwayi, ndipo mwayi si lamulo. Kwa theka la chaka sankandilola kufufuta makina ndili ndekha, ankaima kumbuyo kwanga. Zinandipweteka, koma ankalondola. Pambuyo pake anawonjezera funso pa fomu ya makasitomala, lofunsa ngati munthu akufuna timusungire kope kwa mwezi umodzi. Mabanja awiri a Amalawi anasiya kubweretsa makina awo kwa ine, ndipo mayi wina anandiuza pamaso kuti sangandikhulupirirenso. Ndinamuyankha kuti ndamva. Ndinadabwa kuona kuti munthu wandikwiyira koma ine ndikupumabe, ndipo chakudya chikulowa.

Masiku ano

A Mbewe anagona pafupi ndi Yamikani, ndipo anaBanda amapita Loweruka lililonse ndi maluwa a manda awiri. Fulashi ija ili ndi iwo. Laputopu yokhoma ija anaipereka kwa a Tembo, poti ndi amene anaivutikira. Mpaka lero sinatsegulidwe, ndipo a Tembo anasiya kuyesa. Amaipukuta fumbi, ndipo ophunzira a ku Bentley akabwera kudzacheza n'kuyamba kuinyoza pofuna kuwasangalatsa, iwo amati: "Isiyeni iyo. Zaka zonsezi siinadwalepo."

Mukandifunsa lero kuti abwino ndi ati, a chipatso kapena a mawindo, ndikuyankhani pamaso pa aliyense: ine ndimakonda a mawindo, chifukwa ndimatha kuwamasula, ndipo a chipatso ndimawalemekeza. Zinanditengera zaka zonsezi kuti ndinene zimenezi mokweza.

Mbiri iyi ndaisindikiza makope atatu. Loyamba ndi la Chisomo, lachiwiri ndi la Tadala. Lachitatu lili m'dirowa yakumanzere kuchipinda kwathu, pansi pa mipango yanga, ndipo ulendo uno ndakuuzani.